Dzanja pa Chigongono

Linali Lachisanu pa 12 Seputembala pamene Luckson anatiuza nkhaniyi. Tinali m'chipinda chake ku akomodeshoni ya kampani, iye atakhala pa bedi lapansi, dzanja lamanja lili m'pulasitala. Ku ofesi analemba kuti linamupana geti. Ife anatiuza mmene zinakhaliradi.

Luckson ndi wa ku Ntcheu, bambo wa ana anayi. Kuno ku Doha ndi gadi pa nyumba zosanjikizana za ku Onaiza, ndipo Lachisanu ndiye ofu yake. Ganyu ya Lachisanu anamupezera ndi Macfussy, mnzake wa ku Balaka, dalaivala pa vila ina, chinyumba cha anthu olemera, ku Fereej Al Murra. Miyezi yotentha eni vilayo amathawira ku Ulaya, makiyi n'kumusiyira Macfussy. Ndiye anthu akangotuluka ku mzikiti masana, magalimoto ankayamba kuima motalikirana mumsewumo, eni ake n'kumalowa mmodzimmodzi pa geti laling'ono. Ankakasewera poka mu majilisi, chipinda chachikulu cholandiriramo alendo. Njuga kuno ndi yoletsedwa. Akakugwira ndi selo, ukatuluka ndi ndege. Choncho ntchito ya Luckson inali kutsegula geti, kusuzumira kumsewu, ndi kuwathirira osewera karaki, tiyi wamkaka wa kuno uja.

Osewera ankakhala asanu ndi mmodzi. Mamanejala a mahotela, injiniya wina, ogulitsa magalimoto, anthu a maiko osiyanasiyana, onse olankhulana Chingerezi chosakaniza ndi Chiarabu. Nsapato ndi sokosi ankavula pakhomo, n'kukhala pansi pa makhushoni mozungulira tebulo lalifupi. Wolankhula chathu analipo mmodzi yekha, bambo Yoram.

Bambo Yoram ndi a ku Chipata, ku Zambia, imvi mutu wonse. Masiku ena onse ankayendetsa amayi ena okalamba ku Nuaija, kupita nawo kuchipatala ndi kogula zinthu. Koma ntchito yawo yeniyeni, zaka zoposa makumi atatu, inali makadi. Anayambira pa depoti ya mabasi ku Chipata, kusewerera pa katoni. Kenako m'makasino a ku Lusaka, kenako Joni, Maputo, Nairobi. Nyumba ya ku Chipata anamanga ndi poka. Mwana wawo Dainess anaphunzira unamwino ndi poka. Zala ziwiri za kumanzere zinali zokhota ngati chinangwa chomera pamwala. Anawathyola ku Maputo anthu amene sanakhulupirire kuti munthu angawine masiku atatu otsatizana osabera. Dainess ndiye anawakakamiza kusiya, n'kuwapezera kontrakiti ya udalaivala kuno. Anasiyadi, koma miyezi isanu ndi itatu yokha.

Masewerawo Luckson anawamvetsa pongoonerera. Aliyense amalandira makadi awiri obisa, asanu amaikidwa poyera patebulo. Ukaona kuti zako zili bwino umakankha machipi, timabatani tapulasitiki toimira ndalama. Ukaona kuti n'zoipa umataya makadi, amati kufolda. Koma ukhozanso kukankha mulu waukulu ulibe kanthu, kuti anzako aope athawe. Kumeneko ndiye kublafa.

Enawo ankasewera mwaphokoso, kuseka, kutukwana, kumenya tebulo. Bambo Yoram ayi. Ankakhala pakona yakutali, msana kukhoma, mutu utawerama ngati akusinza. Pa magemu khumi ankafolda asanu ndi anayi. Ola lathunthu linkatha asanakankhe chipi chimodzi, mpaka anzawo ankawaiwala kuti alipo. Koma akafuna kulowa, ankayamba akweza chala kuitanitsa karaki. Amwa pang'onopang'ono, maso pansi, anthu akudikira mpaka kupsa mtima. Akaika kapu pansi ndi pamene ankalankhula, ndipo nthawi zambiri mulu unkapita kwawo.

Tsiku lina akudikira takisi pageti Luckson anawafunsa.

"Madala, mumagona kapena mumapemphera?"

"Nimagwira nchito, a Luckson," anayankha m'Chinyanja chawo cha kwawo. "Imwe pa geti panu simugona?"

"Ife timagona choimirira."

"Manje ine nimagona chokhala. Tili kampani imodzi."

Pothira tiyi Luckson anali ndi chizolowezi chomwe iye mwini sankachiona. Kwa enawo ankangoika kapu patebulo, poti ambiri anali ana kwa iye, ndipo sankamuyang'ana n'komwe. Koma kwa bambo Yoram ankanjuta pang'ono, n'kupereka ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira chigongono. Munthu wamkulu sumupatsa chinthu ndi dzanja limodzi ngati ukuponyera galu. Anamuphunzitsa choncho asanayambe sukulu. Ndipo kuti akafike pakona pawo ankadutsa kumbuyo kwa onse, kumene makadi a anthu amaoneka.

Amene anaona zimenezi anali Kaputeni. Dzina lake lenileni palibe ankalitchula, ndipo palibe ankadziwa kuti ukaputeniwo unali wa sitima kapena wa usilikali. Anali chimunthu chakhosi lalikulu, wogulitsa magalimoto ogwiritsidwa kale. Ankabwera ndi amuna awiri osasewera, amene ankangokhala pafupi ndi chitseko n'kumadina mafoni. Malachisanu atatu otsatizana anali ataluza kwa bambo Yoram.

Lachisanu lapakati pa Ogasiti kunatentha moti chitsulo cha geti chinkawotcha m'manja. Cha m'ma fili koloko Kaputeni anakankha machipi ake onse pakati. Ena onse anafolda. Bambo Yoram anakweza chala.

Luckson anathira karaki, anadutsa kumbuyo kwa Kaputeni, ananjuta, dzanja pa chigongono. Mkuluyo anamwa, anamwanso, anaika kapu pansi.

"Ndalowa," anatero m'Chingerezi, n'kutembenuza ma seveni awiri okha.

Kaputeni analibe kanthu. Anayang'ana ma seveniwo nthawi yaitali. Kenako anamwetulira, n'kukodola Luckson.

"Habibi, mnzanga, tabwera. Ndithirire inenso."

Luckson anathira, anaika kapu patebulo.

"Ayi. Undipatse ngati mmene umapatsira nkhalambayi."

Luckson sanamvetse. Anatola kapu ija n'kumupatsira m'manja. Kaputeni anagwira mkono wake m'malo mwa kapu, anamukokera pansi, n'kumumenya ndi mutu pamphuno. Luckson anamva kuti phwa mkati mwa nkhope, magazi n'kutsikira m'kamwa. Asanadziwe kumene kuli kumwamba, amuna awiri aja anali pa iye. Wina anamuponda ndi bondo pakhosi, wina anamumenya m'nthiti katatu, kanayi, mpaka mpweya unakana kulowa.

"Masabata anayi ndikumuona," Kaputeni anauza anzake, mawu ali pansipansi. "Amadutsa kumbuyo kwanga, amaona makadi anga, akafika apo amagwira chigongono. Kwa inu amagwira? Kwa iwe, injiniya, anagwirapo? Kwa nkhalamba yokha. Ndipo akangogwira, nkhalamba imawina."

Osewera anayang'anizana. Injiniya anagwedeza mutu pang'ono, kuvomereza kuti nayenso anaonapo.

"Ndi ulemu, bwana," Luckson anatero, magazi akuchucha. "Kwathu munthu wamkulu timamupatsa choncho."

"Ine si wamkulu? Ndimakupatsa tipu sabata iliyonse, ine si wamkulu?"

"Macfussy, tawauza," Luckson anatero m'Chichewa. "Aise, tawauza."

Macfussy anali ataima pachitseko. Ankadziwa bwinobwino, iyenso amapatsa abambo ake chinthu choncho. Koma anangoyang'ana kapeti. Kenako anabwerera cham'mbuyo n'kutuluka.

Pakona pa majilisi panali mtondo wamkuwa wosinjira khofi, wongokongoletsa, ndi munsi wake wamfupi wolemera. Kaputeni anakatenga munsiwo. Amuna aja anakokera dzanja lamanja la Luckson pamwamba pa tebulo n'kulitambasula pakati pa machipi.

"Limeneli ndi limene limapereka kapu," anatero Kaputeni. Anagwetsa munsi pa kachala kakumapeto.

Luckson akuti sanamve kuwawa nthawi yomweyo. Anamva phokoso ngati munthu waponda chigoba cha nkhono, anaona kachala kake katapindikira kumbali, kenako ndi pamene moto unakwera mpaka m'khosi. Analira ngati mbuzi. Wina anamutseka pakamwa ndi khushoni.

"Zatsala zinayi. Uvomera pa chachingati?"

Anagwetsanso pa chachiwiri.

Luckson ankaganiza chinthu chimodzi chokha. Gadi wopanda dzanja kampani siimusunga. Kwawo ali ndi munda, ali ndi njinga ya kabaza imene anaisiya kwa mlamu wake, zonsezo zimafuna dzanja lomwelo. Anaganiza zongovomera. Koma akavomera, ndiye kuti awapha madala aja.

"Khalasi, zakwana," anatero bambo Yoram. Sanakweze mawu. Anali akadali pamalo pawo, msana kukhoma. "Munthuyo sadziwa ngakhale kuti kingi ndi kwini wamkulu ndani. Mugonekeni chafufumimba, asaone kanthu. Tisewere magemu atatu, iwe ndi ine. Gemu iliyonse ndikuuza ngati uli nazo kapena ulibe. Ndikalakwa kamodzi, dzanja ndi ili."

Anaika dzanja lawo lamanja patebulo, labwino lija.

"Ukapanda kulakwa?"

"Umusiya apite ndi zala zimene zatsala."

Kaputeni anaseka. "Yala, tiyeni. Injiniya, gawa."

"Koma ubetche zenizeni," anatero bambo Yoram, n'kumukankhira theka la machipi awo. "Popanda ndalama munthu sanama bwino."

Anamugwetsa Luckson pa kapeti, nkhope pansi, bondo pamsana. Sankaona tebulo. Tsaya lili pansi, chimene ankaona ndi kunsi kwa tebulo, mawondo a anthu ndi mapazi awo opanda nsapato. Ankamva makadi akugwa limodzilimodzi, machipi akugundana.

"Ulibe," mawu a bambo Yoram anatero.

Makadi anatembenuzidwa. Kenako injiniya anati, "Wallah, ndithu, alibedi."

Gemu yachiwiri inapita msanga.

"Apa uli nazo. Zazikulu."

Wina anaimba mluzu. Kaputeni anatukwana m'chilankhulo chake, n'kudzikonza pokhala. Anapinda miyendo yonse n'kuikhalira, mapazi n'kubisika pansi pa thupi lake. Sanachite dala, anangotopa ndi kakhalidwe kaja.

Gemu yachitatu injiniya anagawa, Kaputeni anakankha machipi. Bambo Yoram sanalankhule.

Miniti inatha. Ziwiri. Luckson ankamva eyakoni ikulira, ndi magazi ake akudontha kuchokera m'mphuno kugwera pa kapeti. Dzanja linali litatupa ngati buledi.

"Lankhula, nkhalamba."

"Ndikuganiza."

"Wasowa mnzako wa chigongono?"

"Poka ilibe wotchi. Ku Nairobi ndinaganizapo theka la ola."

Maminitsi asanu. Asanu ndi atatu. Mmodzi wa mamanejala anayamba kudandaula kuti ali ndi shifiti. Bambo Yoram anapempha madzi, anamwa, anapempha enanso. Luckson anayamba kukhulupirira kuti madalawo asowadi chonena, ndipo akungochedwetsa munsi. Anayamba kupemphera chamumtima, osati pemphero lenileni, kungotchula maina a ana ake motsatana.

Munthu wolemera ngati Kaputeni sangakhalire miyendo nthawi yaitali. Dzanzi linamugwira. Anadzuma, anatsamira kumbali, n'kutambasula mwendo umodzi kunsi kwa tebulo. Phazi lake linafika pafupi ndi nkhope ya Luckson. Zala zake zonse zinali zitapindikira pansi, zikukanda kapeti ngati mphaka.

"Ulibe," anatero bambo Yoram.

Injiniya anatembenuza makadi a Kaputeni. Analibedi kanthu. Bondo lija linachoka pamsana pa Luckson.

Luckson anakwawira kukhoma, dzanja atalipanira pachifuwa. Ankaganiza kuti zatha. Koma Kaputeni anali asanasiye munsi.

"Katatu si umboni. Mwina pali wina. Mwina ndi injiniyayu. Undiuze umadziwa bwanji, apo ayi ndimalizitsa zala za tiyiboyi wako."

Apa ndi pamene Luckson anaona nkhope ya bambo Yoram ikusintha, koyamba chiwadziwireni. Patebulopo panali pafupifupi aliyense wosewera zazikulu amene akanawalandira m'tauni muno. Akanena, sipadzakhalanso tebulo lowadyetsa. Anayang'ana dzanja la Luckson, n'kuyang'ana lawo lokhota lija.

"Mapazi," anatero. "Nkhope aliyense amaiphunzitsa kunama. Manja ena amawaphunzitsa. Mapazi palibe amawakumbukira. Ku kasino ndinkavutika, nsapato zimabisa, ndinkaonera mawondo ndi zidendene. Kuno mumandivulira nokha pakhomo. Iwe ukakhala ulibe kanthu, zala zako zimakumba kapeti. Ukakhala nazo zimatambasuka ngati zikuwothera dzuwa. Injiniya amapaka phazi lina pamwamba pa linzake. Uyu amagwedeza chala chachikulu. Sindisinza ine. Ndimayang'ana pansi."

Onse anayang'ana mapazi awo nthawi imodzi. Wina anawakokera msanga pansi pa khushoni. Ndiye manejala wa shifiti uja anayamba kuseka. Sanafune, koma kunamuphulika, akuloza phazi la Kaputeni limene linali likadakumbabe kapeti. Injiniya nayenso anaseka.

Kuluza Kaputeni akanakupirira. Kusekedwa ayi. Dzanja la bambo Yoram linali likadali patebulo pamene analiika. Munsi unagwa pamwamba pake, kawiri. Kachitatu unawapeza pansagwada, mutu wawo n'kukamenya khoma. Anatsetsereka chammbali, mano awiri ali pa malaya.

Luckson sakumbukira kuti anaimirira bwanji. Akukumbukira kuti fulasiki yaikulu ya karaki inali pa thireyi pafupi naye, yodzadza, yongophika kumene. Anaitola ndi dzanja lamanzere n'kumumenya nayo Kaputeni pakhutu. Chivindikiro chinathothoka, tiyi wowira anakhuthukira m'khosi ndi m'malaya. Chimunthu chija chinakuwa, chikudzikanda kumaso. Amuna ake awiri anamugwera Luckson. Chibakera china chinamutseka diso, china chinamugwetsa pa tebulo, machipi n'kumwazika chipinda chonse. Wina anatola munsi uja.

Chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anali Macfussy.

"Shurta! Apolisi ali pageti lalikulu. Tulukirani kukhitchini."

Kunalibe apolisi. Koma palibe amene anafuna kukatsimikiza. Aliyense m'chipindamo anali ndi chiphaso chokhalira m'dziko muno choti ataye. Anapanikizana pakakhomo ka kukhitchini, amuna aja akumukoka Kaputeni, n'kuthamangira kumagalimoto opanda nsapato pa simenti yotentha ya Ogasiti. Pakhomo pa majilisi panatsala nsapato mapeyala asanu ndi atatu, zitandandalikidwa bwinobwino.

"Wachedwa," Luckson anamuuza Macfussy.

"Ndikudziwa. Nyamula miyendo ya madalawa, ine ndinyamula kumutu."

Anawagoneka kumbuyo kwa galimoto ya abwana a Macfussy, atayala matawulo kuti mipando isade. Panjira yopita kuchipatala anapangana bodza. Geti lamagetsi linakanirira, anthu awiri ankalikankha, linabwerera. Dokotala anayang'ana nsagwada za bambo Yoram, anayang'ana diso la Luckson, anati geti limeneli lili ndi zibakera. Koma analemba zomwe anamuuza.

Luckson zala ziwiri anamuika mawaya. Akuti kakumapeto sikadzapindikanso, koma dzanja ligwira ntchito, ndipo kampani yamusunga. Bambo Yoram dzanja lamanja linaphwanyika mafupa anayi. Chiwongolero sangagwirenso, makadi sangagawenso. Amayi a ku Nuaija aja anawagulira tikiti yobwerera kwawo. Poka pa vila ija inatha tsiku lomwelo. Macfussy anachapa kapeti masiku atatu, nsapato zija anakazitaya m'bini ya msewu wina.

Titamufunsa Luckson ngati anawaonanso madalawo asananyamuke, anayamba wakanda m'mphepete mwa pulasitala.

"Ndinapita ku wodi Lachisanu linalo," anatero. "Nsagwada anazimanga, sankatha kulankhula, ankamwera pa kapaipi. Ndinawagulira karaki pansi, pa kantini. Nditafika pabedi ndinaima ngati chitsiru, chifukwa dzanja lamanja silikanagwira kapu, ndipo iwonso analibe dzanja lamanja lolandirira. Anandiyang'ana, akuseka ndi maso. Ndiye ndinagwira kapu ndi lamanzere, pulasitala ndinaiika pa chigongono, n'kuwamwetsa. Atamaliza ndinatenga foni yawo n'kumuimbira Dainess, kumuuza tsiku loti akawadikire pa eyapoti ku Lusaka."